Ming'alu ya pa thupi la ndege ya jeti: kufufuza gwero lake potsata zomwe zinagwera Comet

Ndege yonyamula anthu imene imauluka pamwamba kwambiri imapopedwa mpweya m'kati kuti okweramo azipuma bwino, ndipo ikamatsika presha ya m'kati ndi ya kunja zimafanananso. Thupi lake limafufuma pang'ono pokwera n'kuphwa potsika, ulendo ndi ulendo, mpaka tsiku lina chitsulo chimayamba kung'aluka pamalo amene diso silifika msanga. Mainjiniya amati chitsulocho chatopa. Aliyense amene anawumbapo galimoto ya mawaya ali mwana amakudziwa kutopa kumeneku, chifukwa waya amene sungamudule pomukoka ndi manja awiri amaduka yekha ukamupinda uku ndi uku kangapo pamalo amodzi. Vutoli linaonekera poyera pa Comet ya kampani ya de Havilland, ndege yoyamba ya jeti kunyamula anthu olipira, ndipo labwera mobwerezabwereza pa ndege zina kuyambira nthawi imeneyo. Njira yolifufuzira imene ikugwira ntchito mpaka lero inapangidwa m'chaka cha 1954 ndi anthu amene anali atasokera kale kawiri, choncho wofuna kuiphunzira ayenera kuona pomwe iwo anasokerera.

Ndege yake inali yotani

Comet inapangidwa ku Hatfield, ku England, motsogozedwa ndi injiniya Ronald Bishop, ndipo inauluka koyamba pa 27 Julayi 1949, John Cunningham ali pa chiwongolero. Inali ndi injini zinayi za Ghost zobisidwa m'tsinde mwa mapiko. Pa 2 Meyi 1952 ndege yolembedwa G-ALYP ya BOAC, kampani ya ndege ya ku Britain, inanyamula anthu 36 kuchoka ku London kupita ku Johannesburg, kudzera ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, ulendo wa maola osakwana 24. Injini za jeti za nthawi imeneyo zinali zakumwa mafuta kwambiri ndege ikamauluka m'munsi, motero ndegeyo inkayenera kukwera mpaka mamita pafupifupi 12,000, pomwe m'kati mwake mpweya unkasungidwa ngati wa pamtunda wa mamita 2,400. Kusiyana kwa presha ya m'kati ndi ya kunja kunali 8.25 psi (mapaundi pa sikweya inchi), kwakukulu poyerekeza ndi ndege za mapulopela za masiku amenewo, kutanthauza kuti sikweya mita iliyonse ya thupi la ndegeyo inkakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi matani pafupifupi 6. Injinizo zinalinso zochepa mphamvu, ndiye opanga anapeputsa thupi mpaka khungu la aluminiyamu linatsala losakwana milimita imodzi kuchindikala kwake. Apa ndi pamene panagona chikomekome cha mkuyu.

Musavomere chifukwa choyamba chimene chabwera m'mutu

Choyamba chimene wofufuza ayenera kudziletsa ndicho kuthamangira kuloza munthu kapena nyengo, ndipo Comet inapereka phunziroli isanayambe n'komwe kusweka m'mwamba. Pa 26 Okutobala 1952 ndege ina inakanika kunyamuka pa bwalo la Ciampino ku Rome n'kukathera kunja kwa msewu wake. Palibe anafa, ndipo mlandu unagwera woyendetsa, akuti anadzutsa mphuno ya ndege msanga. Pa 3 Malichi 1953 Comet ya Canadian Pacific inachita chimodzimodzi ku Karachi, anthu 11 n'kufa. Pamenepo m'pamene zinaonekeratu kuti phiko lenilenilo linkataya mphamvu yonyamula ngati mphuno yadzuka kwambiri ndege ikadali pansi, ndipo kutsogolo kwa phikolo kunakonzedwanso. Vuto likagwera anthu awiri osiyana, odziwa ntchito, m'njira imodzi, nkhani yachoka pa anthuwo yapita pa chipangizo.

Pa 2 Meyi 1953 G-ALYV inasweka m'mwamba itangonyamuka ku Calcutta, m'kati mwa mvula yamkuntho, ndipo anthu 43 anafa. Mkunthowo unalipodi, choncho unasenza mlandu. Pa 10 Januwale 1954 G-ALYP, ndege ija inatsegula njira ya ku Johannesburg, inasweka pafupi ndi chilumba cha Elba patapita mphindi pafupifupi 20 chinyamukire ku Ciampino, kunja kuli bata, ndipo onse 35 anafa. Ndege zonse zinaimitsidwa, komiti yotsogozedwa ndi C. Abell wa ku BOAC inalemba chilichonse chimene chikanatha kugwetsa ndegeyo, moto unaikidwa patsogolo, ndipo zinthu pafupifupi 50 zinasinthidwa, kuphatikizapo kuika zitsulo zotchinga m'mbali mwa injini. Maulendo anayambiranso pa 23 Malichi zidutswa zikadali pansi pa nyanja. Pa 8 Epulo G-ALYY, imene inabwerekedwa ndi South African Airways pa ulendo wa ku Johannesburg, inasweka pafupi ndi Naples ikukwera kuchoka pa bwalo lomwe lija, ndipo anthu 21 anafa.

Ine ndimaona kuti kusintha zinthu 50 nthawi imodzi kunali kuvomereza mwakachetechete kuti gwero silikudziwika. Mukakonza malo ambiri mongoyerekeza, chimene mwapeza ndi mtendere wa mumtima, koma umboni mulibe. Lamulo lake n'lakuti ngati simungathe kunena kuti chinayamba kuduka n'chiti, chinatsatira n'chiti, ndipo chifukwa chake n'chiyani, ndege imeneyo isachoke pansi.

Werengani maulendo, osati maola okha

Mukakhala ndi ngozi ziwiri zofanana, ikani mabuku a ndegezo pamodzi n'kufunafuna chimene zikugawana. G-ALYP inali itapopedwa mpweya maulendo 1,290, ndipo G-ALYY maulendo 900. Zonse zinasweka zikukwera, pafupi kufika pamtunda wake, nthawi imene kusiyana kwa presha ya m'kati ndi ya kunja kumayandikira pachimake. Maola ali ndi ntchito yake pa injini ndi pa mapiko, koma thupi lopopedwa mpweya limakalamba ndi kufufuma ndi kuphwa, moti ndege yoyenda maulendo aafupi ambiri pa tsiku imatopa msanga kuposa inzake imene imakhala m'mwamba usiku wonse. Umboni wake unaonekanso pa 28 Epulo 1988 pamene denga la kutsogolo la Boeing 737 ya Aloha Airlines linasasuka m'mwamba ku Hawaii n'kutenga moyo wa wogwira ntchito mmodzi wa m'ndegemo. Ndege imeneyo inkadumphadumpha pakati pa zilumba ndipo inali itakwana maulendo oposa 89,000.

Matupi a anthu nawonso amalankhula. Dokotala wa ku Italy, Antonio Fornari, poyeza mitembo imene asodzi a ku Elba anavuula, anapeza mapapo ophulika ndi zigaza zosweka, zimene zinkaloza ku kutha mwadzidzidzi kwa presha m'chipinda cha okwera. Chizindikiro chimenechi chinalipo kale pamene ndege zinkaloledwa kuyambiranso maulendo.

Tolani zidutswa ndipo muziwerenge

Zidutswa za ku Naples zinagwera pakuya kwambiri, koma za ku Elba asilikali apamadzi a ku Britain anazivuula pang'onopang'ono, mothandizidwa ndi kamera ya wailesi yakanema yogwira ntchito pansi pa madzi komanso maukonde a asodzi, mpaka anapeza pafupifupi 70 peresenti ya thupi la ndegeyo. Ku Royal Aircraft Establishment, malo a boma la Britain ofufuzira za ndege ku Farnborough, motsogozedwa ndi Sir Arnold Hall, zidutswazo zinamangiriridwa pa chimango cha matabwa, chilichonse pamalo pake. Injini zonse zinayi zinapezeka, ndipo sizinasonyeze kuti ndizo zinayambitsa ngoziyo. Nsanza ya kapeti ya m'chipinda cha okwera inapezeka itakodwa ku mchira, utoto wa mipando unali utakhula kumbuyo kwa thupi, ndipo pa chitsulo china panadinda chithunzi cha ndalama yachitsulo. Zonsezi zinkanena chinthu chimodzi, kuti chipinda chinaphulika mchira usanachoke, ndipo moto unabwera pambuyo.

Podukira pa chitsulo pali mitundu iwiri ya nkhope imene muyenera kuisiyanitsa. Pamene chitsulo chathyoka mwadzidzidzi chifukwa cholemedwa pamakhala pokhakhala, potuwa, ndipo m'mphepete mwake mumapendekeka. Pamene mng'alu wakhala ukukwawa kwa miyezi pamakhala posalala, poimirira, pali timizere tokhota tozungulira malo amodzi monga mmene madzi akuphwa amasiyira mizere pa mchenga wa m'mbali mwa dziwe. Mukatsata timizereto chobwerera m'mbuyo, kumene tikucheperachepera, mufika pa gwero, ndipo kawirikawiri limakhala bowo la riveti kapena la bawuti. Pa makina okuza zinthu kwambiri timizere tina tating'onoting'ono timaoneka, kalikonse kakuimira kufufuma kumodzi, moti munthu atha kuyerekeza kuti mng'aluwo unayamba maulendo angati apitawo. Musagwirizanitse zidutswa ziwiri pozikhudzitsa kuti muone ngati zikulowana, ndipo musapukute podukapo ndi burashi ya waya, chifukwa mukatero mwafafaniza kalata imene chitsulocho chinakulemberani.

Bwerezani vutolo pansi

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse. Hall anatenga G-ALYU, ndege yeniyeni imene inali itagwira ntchito, n'kuimangira thanki yaikulu yamadzi, mapiko ali kunja. Thanki ndi ndege zonse zinadzazidwa madzi, kenako mapampu ankawonjezera madzi m'kati mwa ndegemo mpaka presha ya paulendo, n'kuwatulutsa, pamene majeki ankapinda mapiko monga mmene mphepo imachitira. Ulendo wa maola atatu unkatha m'mphindi zowerengeka, usana ndi usiku. Anasankha madzi chifukwa mpweya wopanikizika umasunga mphamvu yambiri, ndipo chotengera chikang'aluka umaphulika ngati bomba n'kumwaza umboni wonse, pomwe madzi safinyika, ndiye mng'alu ukangotseguka presha imagwa pomwepo, chitsulo n'kutsala mmene chinang'alukira.

Kumapeto kwa Juni 1954, maulendo atakwana 3,057, mwa iwo 1,221 enieni ndipo 1,836 a m'thanki, thupi la G-ALYU linang'aluka kuyambira pa kona ya zenera lothawirapo pangozi, kumanzere chakutsogolo. Ofufuza atadziwa chofuna, anauza ovuula kuti asakesake mbali ina ya nyanja, ndipo mu Ogasiti chidutswa cha denga la G-ALYP chinapezeka. Pa dengapo panali mabowo awiri a makona anayi opangidwira mlongoti wa wailesi yolozera njira, ndipo mng'alu wa kutopa unayambira pa bowo la bawuti pafupi ndi kona ya bowo lakumbuyo. Ambiri amati Comet inagwa chifukwa cha mawindo a makona anayi a okwera. Nkhaniyo ndi yosavuta kuikumbukira, koma ngozi ya ku Elba sinayambire pa windo la wokwera, ndipo amene amangoyang'ana mawindo adzaphonya zitseko, mabowo a mlongoti ndi malo ena onse amene khungu linadulidwa.

Funso lovuta ndi ili: kodi de Havilland sanayese? Anayesa kwambiri, kuposa zimene malamulo a nthawi imeneyo ankafuna. Chigawo cha kutsogolo kwa thupi chinapirira kupopedwa koposa 16,000 chisanang'aluke, ndipo pa chifukwa chimenechi palibe amene ankayembekeza kutopa pa maulendo 1,000. Chimene chinawanamiza n'chakuti chigawo chomwecho chinali chitayamba chapopedwa mpaka kuwirikiza kawiri presha ya paulendo poyesa kulimba kwake. Kulemedwa kwakukulu koteroko kumanyutula chitsulo cha m'mphepete mwa mabowo kotheratu, ndipo presha ikachotsedwa chitsulo chozungulira chimafinya malowo, motero ming'alu imachedwa kuyamba. Mayesowo anachilimbitsa chigawo choyeseracho, pomwe ndege zonyamula anthu sizinalandire mankhwala amenewo. Choncho chida chimene mukuyesera kutopa chikhale chosiyana ndi chimene munayesera kulimba, chikhale chathunthu osati chigawo chomangidwa pakati pa zitsulo zolimba zimene zimasenzako katundu, ndipo chikhale chopangidwa ndi manja omwewo amene amapanga ndege zogulitsa. Mayeso amene akupereka yankho lokoma kwambiri afunika kuwakayikira kuposa amene akupereka loipa.

Yezani mphamvu pa kona, musangowerengera

Masamu a de Havilland ankapereka mphamvu yapakatikati pa dera lonse lozungulira zenera, ndipo inkaoneka yotsika bwino. Anthu a ku Farnborough anamata timageji toyezera kunyutuka kwa chitsulo pa kona penipeni ndipo anapeza kuti pamenepo mphamvu inkafika pafupifupi 70 peresenti ya imene ingadule chitsulocho. Mphamvu yoyenda m'khungu la ndege ikakumana ndi bowo imalizungulira, ndipo pamene kona yathina imadzazana monga madzi a mumtsinje pa mpata wa miyala. Mukaboola bowo la riveti pamalo odzazanawo, mwawonjezera kona ina pamwamba pa kona. Pa Comet panalinso timing'alu tina tobadwa nato ku fakitale, tina mwa ito titabooledwa kabowo kumapeto kuti tisapitirire, ndipo mabowo ena a mariveti ankachita kukhomedwa m'malo moboola bwinobwino, zimene zimasiya m'mphepete mosalinganika. Khothi lofufuza lotsogozedwa ndi Lord Cohen, limene linayamba kumva umboni mu Okutobala 1954 n'kutulutsa lipoti mu Febuluwale 1955, linagamula kuti G-ALYP inasweka chifukwa cha kutopa kwa chitsulo cha chipinda chopopedwa mpweya, ndipo linati za G-ALYY zikuoneka kuti zinali chimodzimodzi ngakhale zidutswa zake sizinapezeke.

Kumene mungayang'ane pa ndege imene ikugwira ntchito

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo mng'alu nawo umayenda kachigawo kochepetsetsa ka milimita pa ulendo uliwonse mpaka utafika utali umene chitsulo chotsala sichingathenso kusenza. Ntchito ya woyendera ndege ndi kuupeza uli pakati pa njira. Tengani tochi, galasi lokuza ndi kalilole wa ndodo, muunike mopendekeka kuti kuwala kuzikwawa pa khungu, ndipo muyambire pa makona a zitseko za okwera ndi za katundu, pa mafelemu a mawindo, pa mabowo a milongoti, pa mizere ya mariveti pamene malata awiri asanjikizana, ndi pa chipupa chakumbuyo chotsekera presha. Riveti imene yayamba kugwedera imatulutsa kamzere kakuda kolowera kumbuyo ngati utsi, kamene ndi fumbi la aluminiyamu yoperesedwa. Utoto wosweka mozungulira mutu wa riveti, kapena khungu lotupa pakati pa mariveti chifukwa cha dzimbiri lobisika, ndi zizindikiro zofunika kuzilemba. Woyendetsa akadandaula kuti presha ikuchedwa kukwera kapena kuti pakumveka kamluzu pafupi ndi chitseko, kawirikawiri vuto limakhala labala ya chitseko kapena valavu, koma musatseke nkhaniyo musanaone chitsulo chozungulira.

Diso lili ndi malire. Mng'alu umene wabisala pansi pa mutu wa riveti umapezeka ndi makina a eddy current oyeza chitsulo ndi mphamvu ya maginito ndi magetsi, wa m'kati mwa chitsulo chochindikala umafuna ultrasound kapena X-ray, ndipo wa pamwamba umaonekera ndi utoto wolowerera umene umatsalira mu mng'alu mukapukuta. Choopsa kwambiri si mng'alu umodzi wautali koma timing'alu tambirimbiri pa mariveti oyandikana, kalikonse kochepa moti sikaoneka, timene tsiku lina timalumikizana nthawi imodzi. Umu ndi mmene denga la ndege ya Aloha linachokera, ndipo wokwera wina anadzanena pambuyo pake kuti anaona mng'alu pafupi ndi chitseko pokwera koma sanauze aliyense.

Chigamba chingakhale gwero latsopano

Mukaupeza mng'alu, njira yokonzera ndi imene yalembedwa m'buku la wopanga ndegeyo, ndipo ngati bukulo silikufika pa vuto lanu, mufunse mainjiniya a wopangayo musanadule chilichonse. Kuboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kumangouchedwetsa. Chigamba choikidwa molakwika chimabisa vuto n'kusamutsira mphamvu pa mzere umodzi wa mariveti. Boeing 747 ya Japan Airlines imene inagwa pa 12 Ogasiti 1985 n'kupha anthu 520 inali itakhulitsa mchira pansi mu 1978, ndipo pokonza chipupa chakumbuyo chitsulo cholumikizira chinadulidwa pawiri, moti mbali ina katundu yense anatsalira mzere umodzi wa mariveti m'malo mwa iwiri. Inauluka maulendo oposa 12,000 chipupacho chisanaphulike. Ya China Airlines imene inasweka pa 25 Meyi 2002, anthu 225 n'kufa, inali ndi chigamba cha mu 1980 chimene chinaphimba khungu lokalika m'malo molichotsa. Choncho mukalandira ndege yogwirapo kale ntchito kwina, chigamba chilichonse chimene chili pa thupi lake chikhale ndi pepala lake, ndipo chopanda pepala muchitenge ngati mng'alu umene simunauone.

Comet yokonzedwanso, Comet 4, inali ndi khungu lochindikala, mawindo ozungulira ndi injini za Rolls-Royce Avon, ndipo pa 4 Okutobala 1958 inayamba maulendo a jeti owoloka Atlantic, milungu itatu Boeing 707 ya Pan American isanayambe. Opanga onse anatengera zimene Farnborough inapeza n'kuyamba kumanga matupi okhala ndi timalamba toimitsa mng'alu ndi njira zingapo zosenzera katundu, kuti chitsulo chimodzi chikaduka china chigwirire mpaka oyendera aone. Nzeru imeneyi imatchedwa fail-safe, ndipo malire ake anaonekera ku Lusaka pa 14 Meyi 1977, pamene Boeing 707 yonyamula katundu ya Dan-Air inathothoka kaphiko kakumanja ka kumchira ikukonzekera kutera, ndipo onse asanu ndi mmodzi anafa. Chitsulo chapamwamba cha mtanda wakumbuyo wa kaphikoko chinali chitaduka ndi kutopa, chapakati chimene chinaikidwa kuti chigwirire sichinapirire, ndipo ndondomeko yoyendera sinali yokwanira kupeza mng'aluwo pamalo pamene unabisala. Ma 707 ena atayenderedwa pamalo omwewo, oposa 30 anapezeka ndi ming'alu. Kuchokera pamenepo malamulo anayamba kufuna kuti wopanga asonyeze liwiro limene mng'alu ungakulire pa chigawo chilichonse chofunika, utali umene ungaonekere ndi chida chotchulidwa, ndi utali umene ungadulire, ndipo nthawi yoyendera iikidwe moti woyendera akhale ndi mwayi woposa umodzi pakati pa mautali awiriwo.